Mafunso a pa khonde ku Mufakose: za Chikatolika, mabuku ndi tina tododometsa

Ine si wansembe, ndipo ku seminale sindinalowepo. Ndine mwana wa mtchona. Bambo anga anachoka ku Bembeke m'boma la Dedza nthawi ya chitaganya, mzinda uno wa Harare ukadatchedwa Salisbury, akuti adzagwire ntchito zaka ziwiri, agule njinga ndi bulangeti, abwerere. Zaka ziwirizo sizinathe mpaka tinawaika m'manda konkuno. Ine ndakalambira pa makina osindikizira mabuku, ndipo chimene ndinatolako, kupatula msana wopweteka, ndi chizolowezi chowerenga chilichonse cholembedwa, ngakhale pepala lokulungira matemba. Lamulungu masana anthu a mu mphakati wathu, ena obwera chaposachedwa kuchokera kumudzi, ena adzukulu a matchona, amadzaza khonde langa n'kumandipanikiza ndi mafunso. Ambiri mwa mafunsowo amabwerabe chaka ndi chaka, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi. Paja safunsa anadya phula.

Kodi Mulungu amamva pemphero la Chichewa pakati pa Misa ya Chishona?

Anandifunsa ndi agogo ena a ku Ntcheu. Pakamwa ankaseka, koma maso awo sankaseka. Amamva, agogo. Komabe funsoli lili ndi mizu yake. Bambo anga ankati atangofika kuno, malo okhawo amene sankadziona ngati mlendo anali m'tchalitchi. Kuntchito bwana ankalankhula Chingerezi. Ku Mbare anthu ankalankhula Chishona n'kumawatchula kuti Mabhurandaya, ngati kuti aliyense wa ku Nyasaland kwawo n'ku Blantyre. Koma wansembe akayang'ana ku guwa n'kuyamba Chilatini, mawu ake anali omwe aja a ku Bembeke. Kumudzi sankawamvetsa, kunonso sankawamvetsa, Mshona amene wagwada pambali pawo nayenso sankawamvetsa, choncho onse anali ofanana. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utatsegula khomo kuti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu, ng'oma ndi hosho zinalowa m'tchalitchi, eni dziko anakondwa, ndipo kunali koyenera kutero. Koma kwa bambo anga, nthawi imeneyo ndi imene anasanduka mlendo pa Misa.

Anzathu a CCAP ali ndi sinodi yawoyawo ya Harare, ndipo Chichewa sichinazime pakati pawo. Kwa ife Akatolika parishi imatsata dera limene munthu akukhala, osati mtundu wake, ndipo ine sindidandaula nazo: amene umagulana naye tomato pamsika ndi yemweyo uyenera kugwada naye. Ndiye phunzirani mayankho a Chishona, muziyimba nawo mokweza. Koma kolona wa madzulo kunyumba, pemphero la pa chakudya ndi nyimbo za pa siwa, izo palibe amene anatilanda, tikazitaya tataya tokha. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amawerengera Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndiye manyazi ndi a chiyani? Mdzukulu wanga amalankhula Chishona chokhachokha, koma Tikuoneni Maria amafika naye kumapeto, lilime likupotoka pang'ono.

Baibulo la Chichewa la Akatolika ndi liti? Ndaona atatu osiyana.

Mwaona bwino. Lakale ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito yotsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Chinyanja chake n'cholemera, ndipo amene anakulira nacho amachimva kukoma ngati nyimbo, koma m'makalata a Paulo munthu umapuma kawiri chiganizo chisanathe. Akatolika anatulutsa lawo mu 1966, Malembo Oyera, lomasuliridwa ndi Bambo Louis Villy wa chipani cha White Fathers. Kenako mipingo inakhalira pamodzi n'kutulutsa Buku Loyera mu 1998, m'Chichewa chimene timalankhula masiku ano. Pogula lachitatuli funsani lokhala ndi mabuku onse a Chikatolika, chifukwa lilipo la mitundu iwiri.

Chikuto chikathothoka, tsegulani Masalimo muone dzina la Mulungu. Mukapeza Yehova, ndi Buku Lopatulika. Mukapeza Yahve, ndi Malembo Oyera. Mukapeza Chauta, ndi Buku Loyera. Ine ndimakonda Chauta, dzina limene makolo ankaitana popempha mvula amishoni asanafike, mwini uta umene umapindika kumwamba mvula ikakata. Ena amanyinyirika kuti ndi dzina lachikunja. Nanga dzina loti Mulungu linabwera pa sitima? Nanga Mwari wa anzathu kuno?

Mnzanga wa kuntchito akuti tinawonjezera mabuku m'Baibulo. N'zoona?

Lathu lili ndi mabuku 73, lake 66. Chipangano Chatsopano n'chimodzimodzi, mabuku 27. Kusiyana kuli m'Chipangano Chakale: Tobiti, Yuditi, Luntha, Mphunzitsi Sira, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo, komanso zigawo zina za Esitere ndi Danieli. Mabukuwa anali m'Baibulo la Chigiriki lotchedwa Septuagint, limene Akhristu oyamba ankawerenga, koma Ayuda sanawasunge pa mndandanda wawo wa Chihebri. Martin Luther, m'Baibulo lake la Chijeremani la 1534, sanawataye ayi. Anawaika padera pakati pa zipangano ziwirizo ngati mabuku othandiza kuwerenga koma osafanana ndi Malembo. Msonkhano wa ku Trent mu 1546 unatsimikiza kuti kwa ife ndi Malembo. Kuwasiyiratu kunja kunafala m'zaka za m'ma 1820, bungwe la British and Foreign Bible Society litaleka kulipirira kusindikiza kwake.

Koma musakangane naye pa tiyi. Mubwerekeni Tobiti basi. Ndi nkhani ya banja la matchona ku Nineve. Bambo wa pabanjapo amadziwika ndi kuika maliro a anthu a mtundu wake ofera kuchilendo, ndipo aliyense amene anasonkhapo ndalama ku bungwe la maliro ku Mbare kapena ku Mabvuku amva msanga zimenezi. Atachita khungu, akutuma mwana wake kudziko lakutali kukatenga ndalama zimene anasungitsa kwa m'bale, mayi n'kumalira kuti mwana sabwerera. Ndiye muli galu. Amatchulidwa popita ndi pobwera, sauwa, saluma, sapulumutsa munthu, amangotsata pambuyo pa mnyamatayo ndi mngelo. Ndakhala zaka zambiri ndikuganiza za galu ameneyu. Wolembayo anali wa kumudzi ndithu, ankadziwa kuti mnyamata sanyamuka ulendo galu n'kutsala pakhomo.

Kodi mbewa ndi nyama? Ndikunena za Lachisanu la mu Lenti.

Wofunsa funso ili nthawi zambiri amakhala atadya kale. Ndi nyama, achimwene. Ili ndi ubweya, imayamwitsa, ndipo kuchepa kwake sikuisandutsa chisoso. Nkhuku ndi nyama, mpheta ndi nyama. Nsomba, kapenta wa ku Kariba, mazira ndi nyemba, idyani. Lamulo losala nyama limayambira pa zaka 14. Losala chakudya, ndiye kuti kudya kokhuta kamodzi kokha pa tsiku, ndi la Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kwa a zaka 18 mpaka 59. Odwala, ndi amene amamwa mankhwala ofuna kudyera, musadzizunze, silikukhudzani.

Si ife tokha okonda kunyengerera lamulo. Ku Canada kale Akatolika analoledwa kudya kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver ngati nsomba, ndipo ku Venezuela mpaka lero mu Lenti amadya capybara, chimbewa chachikulu ngati mwana wa nkhumba chokhala m'madambo. Nditafotokoza zimenezi pa khonde, mnyamata wina anadzuka n'kufunsa za mbewa za m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi. Ayi.

Chimene chimandivuta ine n'china. Pakhomo pamene nyama imaoneka kamodzi pa mwezi, kusadya nyama Lachisanu si nsembe, ndi Lachisanu wamba. Ndipo munthu wosiya nyama ya ng'ombe n'kukagula nsomba yodula kuposa nyamayo wangosintha ndiwo. Lenti kuno imagwa nthawi ya mondokwa ndi maungu, m'mimba simulira kwenikweni. Siyani chimene chikupwetekeni mukachisiya, kaya ndi mowa, kaya ndi foni, kaya ndi miseche ya pa mpopi, ndipo ndalama imene yapulumukayo ikafike kwa wina wosowa.

Bwanji Pasaka imasinthasintha tsiku pamene Khirisimasi sisintha?

Khirisimasi imatsata kalendala ya dzuwa, Pasaka imatsata mwezi wa kumwamba, monga Paska ya Ayuda imene inachokerako. Msonkhano wa ku Nicaea mu 325 unafuna kuti Akhristu onse azichita chikondwererochi tsiku limodzi. Kawerengedwe kake n'kotere: dikirani mwezi woyamba kuoneka wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake, Lamulungu lotsatira ndiye Pasaka. N'chifukwa chake singabwere 22 Malichi isanakwane, ndipo singapitirire 25 Epulo. Mukabwerera m'mbuyo masiku 46 mufika pa Lachitatu la Phulusa, masiku 40 a Lenti kuphatikiza Malamulungu 6 amene sawerengedwa.

Nkhani ya Pasakayi ndi imene inasintha kalendala ya dziko lonse. Yakale ija inkatsalira pang'onopang'ono, ndiye mu 1582 Papa Gregory XIII anadumphitsa masiku 10. Anthu ku Spain ndi ku Italy anagona Lachinayi pa 4 Okutobala n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Teresa woyera wa ku Avila anamwalira usiku womwewo, ndipo timamukumbukira pa 15. Ine ndikawerenga zimenezi ndimaganiza za eni nyumba za lendi, ngati anachotserako anthu kenakake mwezi umenewo.

Alipo mabuku amene Mkatolika saloledwa kuwerenga?

Mndandanda wa mabuku oletsedwa unalipo, wotchedwa Index, kuyambira 1559 mpaka 1966, nthawi ya Papa Paul VI, pamene unathetsedwa. Ngakhale buku la Galileo linakhalapo pamenepo. Chimene chatsala ndi timawu tiwiri ta Chilatini timene mumationa kuseri kwa tsamba loyamba la mabuku a mapemphero ndi a katekisimu: Nihil obstat, kutanthauza kuti palibe chotchinga, ndi Imprimatur, kutanthauza kuti lisindikizidwe. Sindiye kuti Ambuye Episkopi akugwirizana ndi maganizo onse a wolembayo. Akungoti mulibe chosemphana ndi chiphunzitso.

Nthano ndi nkhani zopeka werengani ndi mtima pansi. Episkopi wamkulu woyamba wachikuda wa mzinda uno, Patrick Chakaipa, amene anatsogolera kuyambira 1976 mpaka imfa yake mu 2003, anali mlembi wa nkhani zopeka za Chishona, ndipo ana athu ambiri anakumana ndi buku lake la Karikoga Gumiremiseve kusukulu asanadziwe kuti wolemba wake ankavala chisoti cha uepiskopi. Mambo Press ya ku Gweru ndi ya Akatolika, monganso Likuni Press ndi Montfort Media ya ku Balaka kumudzi.

Cholembedwa chomaliza chimene ndikukumbuka Akatolika akuchibisa, anachiletsa si Papa. Ndi kalata ya maepiskopi a ku Malawi ya mu Lenti, imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Boma la Kamuzu Banda linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo chaka chotsatira anthu anavotera zipani zambiri. Lero chondiopsa ine si buku, ndi mauthenga a pa WhatsApp oti Amayi Maria anena kuti utumize kwa anthu khumi, ukapanda kutero uona tsoka. Amayi Maria saopseza ana awo. Fufutani.

Amalume anga ndi a Gule Wamkulu, ine ndine wa bungwe la Chikatolika la Legio ya Maria. Titani pa maliro?

Apa ndiyenda mosamala, paja za kudambwe saulula, ndipo ine sindinalowe. Kuno anzathu amati zvigure, ndipo ana a Chishona amathawa akaona, koma m'mafamu, m'migodi ndi m'malokeshoni gule ndi amene anathandiza matchona ambiri kuikana m'manda mwa chikwawo. Mkangano wa gule ndi Mpingo ndi wakale. Ku Dedza amishoni ankafuna ana kusukulu, eni mzinda ankawafuna kudambwe, ndipo Mkhristu wolowa gule ankaimitsidwa masakramenti. Chodabwitsa n'chakuti pa mishoni ya Mua, imene White Fathers anatsegula mu 1902, mpamene Bambo Claude Boucher wa ku Canada anayambitsa malo a zachikhalidwe otchedwa Kungoni mu 1976, ndipo lero munthu wofuna kuphunzira tanthauzo la zilombo amapita pa bwalo la tchalitchi. Mu 2005 UNESCO inaika Gule Wamkulu pa chuma cha anthu a dziko lonse.

Za kulowa kapena kusalowa, kambiranani ndi bambo mfumu a parishi yanu, musamvere ine. Koma za maliro ndili ndi mawu. Nkhani yoti womwalirayo aperekezedwa bwanji ikambidwe ndi akuluakulu a banja thupi lisanachoke ku mochale, osati pa manda. Ngati anali wa gule, ndi maliro a gule. Pitani, phikani, lirani, nenani kolona wanu mumtima. Ngati anali wolandira Ukaristia, a gule nawonso adziwe malire. Ndinaonapo kwaya ndi ng'oma zikupikisana pa siwa limodzi usiku wonse, namfedwa ali pakati, ndipo palibe amene anapempherapo usiku umenewo. Amalume anuwo apatseni ulemu wawo, ndi eni mbumba.

Pa mudzi wathu akusonkhetsa ndalama zoitanira sing'anga wosaka mfiti. Ndipereke?

Musapereke. Ndikudziwa kuti kunena n'kosavuta ndili pa khonde ku Harare. Koma werengani za Benedict Daswa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ku Limpopo, ku South Africa, bambo wa ana 8. Mphezi zitatentha nyumba m'mudzi mwawo, anthu anagwirizana kusonkha ndalama zokafufuzira amene anazituma. Iye anakana, nati mphezi ndi chilengedwe ndipo sangalipire ndalama yokapachikira munthu mlandu. Anamubisalira pamsewu n'kumupha pa 2 Febuluwale 1990. Mpingo unamutcha wodala mu 2015. Onaninso amene amalozedwa chala pa misonkhano yotere: nthawi zambiri ndi agogo osauka, amasiye, kapena mlendo. Ife a kuno tikudziwa bwino kuti mlendo ndi ndani.

John Bradburne wa ku Mutemwa ndi woyera kale?

Sanafike. Ntchito yofufuza moyo wake inatsegulidwa mu 2019, ndipo pakadali pano amatchedwa mtumiki wa Mulungu. Masitepe ake ndi anayi: mtumiki wa Mulungu, wolemekezeka, wodala, woyera. Anali Mngerezi, sanali wansembe, ankatsata moyo wa Francis woyera wa ku Assisi. Anafika ku Mutemwa, pafupi ndi Mutoko, mu 1969 kukasamalira odwala khate, kuwasambitsa, kuwatsuka mabala ndi kuwaika m'manda. Anaphedwa pa 5 Seputembala 1979, nkhondo ili pafupi kutha, ndipo anaikidwa ku Chishawasha, mishoni imene Ajezuiti anatsegula mu 1892. Chaka chilichonse kuchiyambi kwa Seputembala anthu miyandamiyanda amapita ku Mutemwa kukakwera phiri la Chigona. Okonda mabuku dziwaninso kuti analemba ndakatulo pafupifupi 6,000, zambiri ali m'kanyumba ka malata. Inu okwera basi ya ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda mumadutsa pa Mutoko pomwepo, ambiri muli m'tulo.

Anakhalapo Papa wa ku Africa?

Atatu, onse m'zaka 500 zoyambirira za Mpingo: Victor I, Miltiades ndi Gelasius I. Papa Leo XIV, amene anasankhidwa pa 8 Meyi 2025, ndi wa ku Chicago, koma ndi wa chipani chotsata Augustine woyera, episkopi wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria.

Ndikufuna kumanga ukwati kuno, koma ndinabatizidwa kumudzi ndipo khadi linatayika.

Khadi likatayika ubatizo sunatayike, ndipo sabatiza kawiri. Dzina lanu lili m'kaundula wa parishi imene munabatizidwira, ndipo m'menemo ndi mmene amalembanso za ulimbitso ndi ukwati. N'chifukwa chake bambo mfumu a kuno amafuna kalata yatsopano yochokera kumeneko, yosonyeza kuti simunamange ukwati wina. Tumani m'bale ndi dzina lanu la ubatizo, maina a makolo, mudzi ndi chaka. Kumbukirani kuti tchalitchi cha m'mudzi mwanu mwina ndi nthambi chabe, kaundula ali ku parishi. Yambani miyezi ingapo tsiku lisanafike, osati nkhuku zitagulidwa kale. Kaundula yemweyu wathandizapo adzukulu a matchona kupeza mudzi wa agogo awo, pamene pakhomo panangotsala mawu oti kwathu n'ku Dedza.

Mabuku a Chichewa mumawapeza kuti, ndipo mungandibwerekeko?

Ambiri anabwera pa basi, kudutsa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, atapanikizidwa pakati pa thumba la mpunga wa kilombero ndi usipa. Mpaka lero buku langa la nyimbo likatsegulidwa mphaka amabwera. Wina akamapita kumudzi ndimamupatsa ndalama ndi kapepala, ndipo pa anthu atatu mmodzi amakumbukira. Baibulo tsopano lilinso pa foni, ndipo Radio Maria ya ku Mangochi imamveka pa intaneti magetsi akakhalapo, koma ine maso anga ndi zala zanga zinazolowera pepala.

Kubwereka ndimabwereketsa, chifukwa buku longokhala pa shelefu ndi chakudya cha chiswe. Koma ndili ndi kope limene mumasainamo, ndipo mumatenga limodzi, mukabweza n'kutenga lina. Kopeli linayamba chifukwa cha Malembo Oyera a bambo anga. Ndinabwereka mkulu wina wa mu mphakati kuti akonzekere mawu a pa maliro, buku n'kukhala kwawo zaka zitatu. Nditalimba mtima n'kukalitenga, ndinapeza chikuto chili ndi chizindikiro cha poto, ndipo masamba a Amakabeo kulibe, mwana wawo anapeza kuti pepala lopyapyalalo limapichira bwino fodya. Ndinalisoka ndekha ndi ulusi wa nsapato, ndipo limenelo lokha silituluka pakhomo pano. Pa tsamba loyamba pali dzina la bambo anga, lolembedwa ndi dzanja lawo, ndipo pansi pake analemba keyala ya ku Bembeke, osati ya ku Mufakose, kuti likadzatayika wolitola adzadziwe kokalibweza.